Nkhope ya Dhapu pa Botolo la Gugulu

Dhapu anabadwira kumapiri a miyala kuseri kwa tauni ya Barmer, chaka chimene mvula inangowaza fumbi n'kubwerera. Anali mwana wamkazi wachinayi. Bambo ake atamva kuti wabadwanso wamkazi anangopukusa mutu n'kuti, "Dhapu," ndiko kunena kuti zakwana. Dzina linakhala lomwelo.

Kwawoko kunalibe mtengo woti munthu n'kuusa pamthunzi. Chimene chinkamera m'miyalamo ndi gugulu, chitsamba chaminga, chopindikapindika, cha khungwa losupuka ngati pepala. Miyezi yambiri chinkakhala chopanda tsamba, kuoneka ngati chinafa kalekale. Koma nyengo yozizira, ukachicheka pang'ono, chinkatulutsa utomoni wachikasu umene ukauma unkanunkhira mokoma pamakala. Bambo ake ankacheka ndi kampeni, malo amodzi kapena awiri, kenako chitsambacho n'kuchisiya zaka zingapo kuti chipume. Utomoni wina ankafukiza kukachisi, wina ankaphikira nkhalamba zodandaula mawondo, wotsala n'kusinthanitsa ndi mchere. Dhapu ankatola madontho oumawo m'chikho uku akuweta mbuzi, ndipo madzulo, akamanyema chapati cha mchewere chodyera anyezi ndi tsabola, zala zake zinkanunkhirabe.

Atasinkhuka anamukwatitsa kwa Jetharam, wa mudzi wa kuseri kwa phiri lomwelo. Anali mwamuna wamtali, woseka msanga, ndudu siinkachoka pakamwa. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lake linali lakuti aliyense wobwera pa galimoto ankamuyesa wanzeru.

Ndiye wa galimoto anabweradi, mwana wawo Sugna atangoyamba kuyenda. Anaima pachitsime, nsapato zili chezichezi, n'kuuza amuna kuti m'mizinda mwagwa matenda a anthu okhuta. Mafuta akuundana m'magazi, mitsempha ikutsekeka ngati mpope wa dzimbiri, anthu akungogwa ali chiimire m'masitolo mwawo. Ndipo kukumveka zoti utomoni wa gugulu umasungunula mafutawo. Bwana wake, a Seth Pukhraj a ku Jodhpur, akufuna utomoni wa m'matumba, osati wa m'chikho.

Akazi amene ankatunga madzi anamva zonse kuseri kwa nsalu zawo.

"Matenda a kukhuta?" anatero wina. "Awauze atitumizireko kuno, tiwasamala bwino."

Onse anafa nazo, Dhapu ndi amene anaseka kwambiri.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina anapeza mwamuna wake atanjuta pansi pa hatchi ya mnansi wawo, chitini chili m'manja, akuimba kaluzu.

"Bambo a Sugna, mwataya chiyani pansi pa hatchi ya eni ake?"

"Khala chete, uidzidzimutsa. Ndikudikira chuma."

"Chuma chimatulukira kumeneko masiku ano?"

Hatchi inakodza, Jetharam n'kutchera chitini chija mpaka chinadzaza thovu. Anachiika padzuwa kuseri kwa nyumba kuti chisase. Chitasasa anathiramo utomoni wakale ndi ufa wina wobiriwira umene wa galimoto uja anasiya, n'kutakasa ndi kamtengo. Fungo lake linali guu bwalo lonse. Mbuzi zinkalambalala. Dhapu, amene anakula akuzira ndowe ndi manja osaonapo chachilendo, anathawira kuseri kwa khola n'kusanza.

"Ndiye zimenezi mupita nazo kuti?"

"Timatema kwambiri, mpaka mkati, n'kupakamo izi. Chitsamba chimodzi chimatulutsa utomoni wa zitsamba khumi."

"Anthu adzameza zimenezo?"

"A m'tauni. Amameza chilichonse bola chikhale m'botolo."

"Manja amenewo musandigwire nawo. Ndipo mudyera panja."

Anadyeradi panja nyengo yonse yozizira, akuseka, akumati mkazi wake ndi mfumukazi yobadwira m'khola la mbuzi. Utomoni unachuchadi. Unkayenderera m'thunthu mpaka pansi, n'kumatana ndi mchenga ndi zitosi, amuna n'kumaukokolola chomwecho chifukwa mchenga umalemera pasikelo. Jetharam anagula wailesi ndi nduwira yatsopano yachikasu. Koma chitsamba chilichonse chopakidwa chija, mvula itabwera, sichinaphukenso. Amuna anasunthira phiri lina, kenako linanso. Sugna asanayambe kusenza mtsuko, mapiri onse anali mbee, zitsa zokhazokha, akazi n'kumazithyola nkhuni. Wa galimoto sanaonekenso.

Jetharam anatenga banja lake kupita ku Jodhpur kukaswa miyala yomangira nyumba. Fumbi la miyalayo linamudya chifuwa pang'onopang'ono. Anamwalira atauma ngati bango, nthabwala zikadali pakamwa. Dhapu anamulira ndithu, koma zitini zija sanamukhululukire.

Mkazi wamasiye, wolera yekha mwana, sasankha ntchito. Imene anapeza inali pabwalo la mosungiramo katundu la a Seth Pukhraj omwe aja. Akazi ankakhala pansi m'mizere, mulu wa utomoni patsogolo, kumachotsamo makungwa, timiyala ndi ubweya wa mbuzi. Utomoni tsopano unkachokera kutali, ndipo unali wochepa. Choncho masana kapitawo ankabwera ndi matumba a utomoni wa mitengo ina, wotchipa, n'kukhuthulira pamulu womwe akaziwo angousankha. Madzulo akaziwo ankasesa bwalo lonse, pamene nkhunda za kudenga zagwetsapo zawo tsiku lathunthu, zinyalalazo n'kuthiranso momwemo.

"Nanga tikusankhiranji?" Dhapu anafunsa mnzake wa pambali.

"Kuti alendo akabwera azitiona tikusankha. Iwe sankha, usaganize, mutu ungakupweteke."

Zonsezo zinkapita kuseri, kumene ankaziphika m'migolo n'kuumba timibulu takuda, tonyezimira, n'kutiika m'mabotolo ojambulidwa mtima wofiira.

Tsiku lina mkazi wa a Seth, adona a Kanchan, anabwera pabwalopo kudzafuna wotsuka mapoto. Anayang'ana manja a akazi onse ngati akusankha mabiringanya pamsika, n'kuloza Dhapu chifukwa zikhadabo zake zinali zoyera. Umo ndi mmene analowera m'nyumba yaikulu ija ya miyala yofiira, ndipo anakhalamo zaka zambiri, mpaka Sugna anakula n'kukwatiwa, tsitsi la Dhapu n'kuchita imvi.

M'nyumba imeneyo nyama siinkalowa. A Seth ankanyadira zimenezo, ankati mimba yawo si manda a zamoyo. Koma mafuta a mkaka, eee! Ankabwera m'zitini zazikulu ngati za palafini. Chapati ankachiviika mpaka chimire. Mphodza ankazithira mafuta pamwamba mpaka munthu kumadziona nkhope. M'mawa kunali zitumbuwa zokazinga za mphodza, masana mpunga ndi timabanzi tofufuta m'mafuta, madzulo zotsekemera zomata m'zala. A Seth ankakhala pamphasa yawo, mimba ili pamiyendo, kumadya osayankhula, mpweya uli fwii fwii m'mphuno. Mafuta ankatsika m'chigongono mpaka kudontha pansalu. Akatha ankanyambita chala chilichonse pachokha, kugeya mogwedeza mbale, kenako n'kutsegula kabokosi kasiliva, kutengamo timibulu tiwiri ta gugulu n'kumeza ndi madzi ofunda.

"Asilikali anga alowa," ankatero akusisita mimba. "Akasese m'njira monse. Dhapu, bweretsa kotsekemera kamodzi kotsukira m'kamwa."

Dhapu ankabweretsa. Kenako ankapita kuseri ndi mbale, kukazikwecha ndi phulusa. Madzi otsukira ankachita noninoni, m'ngalande mafuta n'kuundana mbuu ngati kandulo, ndipo nthawi ndi nthawi ankaitana munthu kudzazibula ndi waya. Iye akaona zotuluka m'ngalandemo ankaganiza za m'kati mwa bwana wake, chakudya n'kumukanika. Ankadya chapati chake chouma ndi tsabola, atafulatira khitchini.

Ankadziwanso chimene chinali m'timibulu tija. Tsiku loyamba kuwaona akumeza anayembekeza kuti mwina eni ake ali ndi tawo tapadera, toyera. Ayi ndithu, tinali tomwe tija ta pabwalo la nkhunda. Munthu anafika pokhulupirira bodza lake lomwe mpaka kumalimeza kawiri pa tsiku.

Matenda anayambira m'miyendo. A Seth akamapita kusitolo ankaima pakhomo lililonse, ngati akupereka moni, chonsecho akudikira kuti katumba kaleke kukokana. Kenako anayamba kudandaula kuti zala za kuphazi lamanzere zikuzizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Dokotala wa banjalo, nkhalamba yoonda imene inaphunzira nawo sukulu limodzi, anabwera, anagwiragwira phazilo nthawi yaitali, nkhope n'kugwa.

"A Pukhraj, magazi sakufika kuno. Mitsempha yatsala pang'ono kutsekeka. Ndikulemberani mankhwala, musiye mafuta, muyambe kuyenda, ndipo mubwere kuchipatala tikuunikeni."

"Mankhwala ndili nawo anga, achimwene. Dziko lonse likumwa anga."

"Gugulu weniweni mwina amathandizako ena, sindikukana. Koma simungakhuthulire mtsuko wa mafuta m'mimba n'kutuma kambulu kamodzi kuti kakamenyane nawo."

A Seth anaseka mpaka kutsokomola. "Inu mumadya chiyani kodi? Mwauma ngati chingwe cha pachitsime. Dhapu, apatse adokotala zitumbuwa, angatifere pakhomo."

Pepala la mankhwala lija adona anakulungira zotsekemera zopita kwa mlamu wawo.

Chala chaching'ono chinayamba kuda. Kenako chinzake. Apa a Seth anachita mantha, nati awatengere kuchipatala. Koma nthawi imeneyo bizinezi inali m'manja mwa mwana wawo Lalit, mnyamata wamkulu kale, wa malaya osita ndi mafuta onunkhira, amene anakulitsa malonda mpaka mabotolo awo kumapezeka m'mizinda yakutali. Dhapu anali akukolopa pakhonde pamene Lalit anatseka chitseko, koma mawu ankatuluka pawindo.

"Atate, taganizani. Mukagona m'chipatala cha kuno, mawa tauni yonse idziwa kuti mwini wa mankhwala a mitsempha, mitsempha yake yatsekeka. Tidzagulitsa kwa ndani?"

"Mwana wanga, phazi likuwawa."

"Lipola. Muzimwa timibulu tinayi m'malo mwa tiwiri. Tingodikira nyengo ya maukwati idutse, ndi pamene anthu amagula kwambiri."

Dhapu anafinya chikolopa mpaka zala kuchita dzanzi.

Anawasamutsira kuchipinda cha kuseri, chopanda windo la kumsewu. Alendo ankauzidwa kuti a Seth akupemphera, safuna kusokonezedwa. Poyamba adona ankalowako, mpongozi wawo, mkazi wa Lalit, naye ankasuzumira atatseka mphuno ndi nsalu. Fungo litakula onse anapeza zifukwa. Anatsala Dhapu.

M'mawa uliwonse ankamasula nsanza. Zinkamatirira, ankachita kuzinyowetsa kaye. Pansi pake phazi linali bii ngati chikuni chozima, m'mbali muli mafinya, khungu likusendeka lokha. Ntchentche zinkadziwa nthawi, zinkadikira pachitseko. Iye ankapuma ndi pakamwa, kutsuka, kumanga, kutuluka ndi beseni, kukalavula kuseri kwa nyumba mpaka kukhosi kuuma. Ndiye Lalit, poopa kuti fungo lifika kuchipinda cha alendo, analamula kuti pakhomo la wodwalayo pazifukizidwa gugulu usana wonse. Utsi wokoma uja, wa kukachisi kwawo, wa m'zala zake ali mtsikana, unasakanikirana ndi fungo la munthu wowola ali moyo. Chichokereni nthawi imeneyo, Dhapu akangomva gugulu pamakala, ngakhale pa ukwati, mseru unkamukwera.

A Seth anali atasanduka mwana. Ankalira, ankamugwira mkono.

"Dhapu, mlongo wanga, kotsekemera kamodzi kokha. M'kamwa mukuwawa."

"Adokotala anakana, bwana."

"Adokotala ali kuno? Iwe ndiwe mfiti. Ndakudyetsa zaka zonsezi."

Iye ankakana, koma adona, amene sankatha kulowa m'chipindamo, ankatumiza chikondi chawo m'njira imene ankaidziwa. Tsiku lina Dhapu akuyala anapeza pansi pa pilo mibulu ya zotsekemera itaphwanyika, mafuta atalowerera m'nsalu. Nyerere zinali zitapanga mzere kuchokera pakhoma, kukwera mwendo wa bedi, kufika papilo. Mzere wina unapatuka, kutsika m'mbali mwa thupi lawo, kukalowa m'nsanza za kuphazi.

Anaponya pilo pansi n'kupita molunjika kwa adona, amene anali pakhonde akusankha nsalu za ukwati wa mdzukulu wa mchemwali wawo.

"Mayi, phazi lija lafa. Likukwera. Mukapanda kuwatengera kuchipatala, muotcha mtembo wawo mwezi uno."

"Iii, Dhapu, pakamwa pakopo! Usatchule zoterozo m'nyumba muno."

"Bwerani mudzaone nokha."

"Mtima wanga ndi wofooka, sindingathe. Lalit ndiye akudziwa zonse." Ananyamula nsalu ziwiri. "Taona, yofiirayi kapena yobiriwirayi?"

Dhapu anakokera nsalu yake kumutu, natuluka pageti la kuseri dzuwa lili paliwombo, osapempha chilolezo kwa munthu. Anayenda mpaka kunyumba kwa dokotala uja, nakhala pakhonde mpaka dokotalayo anatuluka.

"Ndine wantchito wa kwa a Pukhraj. Palibe amene wandituma. Anzanu aja akuwolera kuchipinda cha kuseri."

Dokotala anabwera tsiku lomwelo. Atamasula nsanza anatukwana mawu amene Dhapu sankadziwa kuti anthu ophunzira amawadziwa. Anamukalipira Lalit pamaso pa antchito, nati akapanda kunyamula bambo ake lero, iye mwini akaitana apolisi. Lalit anavomera, koma mwa njira yake. Anawatengera ku Ahmedabad, kutali kumene sakudziwika, m'galimoto yotchinga makatani, ndipo anansi anauzidwa kuti a Seth apita kukasamba kumtsinje woyera. Kumeneko mwendo anaudula pamwamba pa bondo.

Lalit sanamuyankhule Dhapu mwezi wathunthu. Sanamuchotse ntchito chifukwa panalibe wina wofuna kunyamula beseni.

A Seth anabwerako atachepa, khungu likulendewera ngati thumba lopanda kanthu. Madokotala a kumeneko ananena kuti mitsempha ya kumtima nayo ili chimodzimodzi. Tsopano ankamwa mankhwala a kuchipatala, amene Lalit anawachotsa m'mapaketi ake n'kuwaika m'kabokosi kasiliva kaja kuti mlendo asaone. Koma zinali mochedwa. M'mawa wina nyengo yotentha, Dhapu akuwapukuta kumsana, anagwira pachifuwa, natsegula pakamwa ngati akufuna kugeya, basi n'kupendekeka. Dhapu anawagoneka bwino, nawatseka maso. Anadabwa kuti misozi inamutuluka. Munthu ukamutsuka tsiku ndi tsiku, ngakhale akunyanse bwanji, amasanduka wako pang'ono.

Mwambo wa maliro utatha kunali phwando la chikumbutso, ndipo Lalit anati tauni idziwe kuti kwagona munthu. Anatseka msewu ndi matenti. Ophika anabwera ndi miphika yoti munthu n'kusambiramo, zitini za mafuta zikutsegulidwa ngati madzi. Amuna a mimba zawo anakhala m'mizere, kudya mpaka thukuta kuyenderera m'makutu, uku akufunsana kuti malemu chawatenga n'chiyani.

"Anaterereka pamakwerero a kumtsinje woyera," Lalit ankayankha, maso ali pansi mwaulemu. "Bala linakula. Koma mtima wawo, madokotala anadabwa, akuti unali ngati wa mnyamata."

"Ndi gugulu ameneyo," alendo ankatero, akugwedeza mitu, akuwonjezera zotsekemera.

Pageti panaima antchito awiri ndi madengu. Mlendo aliyense potuluka ankalandira botolo la mtima wofiira, lokumbukira malemu.

Dhapu anaona zonsezo akudutsa ndi mphika waukulu pamutu, kupita nawo kotsukira. Anali ndi njala koma sanalawe kanthu. Malovu okha ndi amene ankadzaza m'kamwa, ndipo analibe polavulira chifukwa paliponse panali alendo.

Ndi nthawi imeneyo pamene Lalit anamuona. Anali ataima ndi munthu wojambula zithunzi amene anamuitana kudzajambula phwandolo. Anamuyang'ana Dhapu kuyambira kumapazi mpaka kumphika, momwe adona anayang'anira manja ake kale lija, n'kumukodola.

"Agogo, tabwerani. Tulani kaye. Muli ndi zaka zingati?"

"Sindinawerengepo, bwana."

"Taonani msana," anatero kwa wojambulayo. "Uli njo ngati mtsikana. Mphika umenewu ine sindingaunyamule. Mafuta pathupi palibe ndi pang'ono pomwe. Agogo, kwanu ndi kumapiri a gugulu, eti?"

"Kunali gugulu."

"Basi! Tikufuna nkhope yatsopano pabotolo. Mtima wofiira uja watha fasho, aliyense akujambula womwewo. Tiika inuyo. Tilemba kuti mayi wa kumapiri, zaka makumi asanu ndi atatu, sanaonepo dokotala, chinsinsi chake ndi gugulu. Tikugulirani nsalu yatsopano ndi zibangili. Kwezani nsaluyo pang'ono, mumwetulire."

Dhapu anamuyang'ana. Kuseri kwake, pakhoma la tenti, kunali chithunzi cha a Seth atachikoleka maluwa, chojambulidwa kuyambira pachifuwa kupita kumwamba.

"Bwana wamng'ono, ine timibulu tanuto sindinamezepo n'kamodzi komwe. Ndikudziwa zimene mumathiramo, ndinkasesa ndine. Kuonda kwangaku ndi njala. Ndinabadwira m'njala, ndakulira m'njala, ndipo m'nyumba mwanu muno chakudya chimandinyansa."

Lalit anaseka, kuseka kwabwinobwino, kopanda mkwiyo.

"Njala sitingaiike m'botolo, agogo. Ndani angagule?"

"Bambo anu sanazizire n'komwe."

"Atate akanakondwa. Ankakonda malonda."

Dhapu anatembenuka kuti azipita. Potembenukapo nsalu inatsetsereka kumutu, ndipo anamva kuti thethe. Wojambula uja anali atatsitsa kale makina ake, akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Mphika uja anausiya pomwepo, pakati pa njira, mafuta akuundana m'kati. Analowa m'kachipinda kake, anamanga zovala zake m'kamtolo, natuluka pageti la kutsogolo, limene antchito sankadutsapo. Mmodzi wa a madengu aja, posamuzindikira, anamutambasulira botolo. Dhapu analiyang'ana, nayang'ana mwini dzanjalo, mpaka dzanjalo linabwerera lokha.

Anakakhala kwa Sugna, kumalire a tauni, kufupi ndi kumene amaswa miyala. Mkamwini wake Bhomaram ankayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, munthu waphokoso koma wamtima wabwino. Dhapu ankalera zidzukulu, kuphika mphodza zamadzimadzi, n'kumagona tulo tabwino koyamba pa zaka zambiri.

Nyengo yozizira itafika, Bhomaram analowa m'nyumba akukuwa, dzanja lili kumbuyo.

"Amayi, mwatibisira bwanji kuti ndinu munthu wotchuka? Ana inu, gwadani, m'nyumba muno muli mfumukazi!"

Anaika botolo pamphasa. Pabotolopo panali nkhope ya Dhapu. Anamuchotsa mphika ndi tenti, kumbuyo n'kuikako mapiri obiriwira amene Dhapu sanawaonepo chibadwire, okhala ndi mathithi. Pakamwa pake, pamene tsiku lija panali potseka ndi mkwiyo, anapakonza kuti paoneke ngati akumwetulira. Anamuwonjezera makwinya. Anamuvekanso ndolo.

"Chili pasitolo ya mankhwala iliyonse," anatero Bhomaram. "Pa siteshoni ya basi pali chachikulu ngati chitseko. Akuti muli ndi zaka makumi asanu ndi anayi."

"Anati asanu ndi atatu."

"Ndiye mwakula msanga, amayi."

Sugna anafuna kuti akadandaule kwa akuluakulu. Bhomaram anati munthu wa njinga sangalimbane ndi munthu wa maloya, ndipo Dhapu anadziwa kuti akunena zoona. Anatenga botolo lija ndi nsanza, osaligwira ndi dzanja, nakalitaya m'dzenje la zinyalala.

Koma nkhope yake sakanaitaya. Ana a m'mudzimo anayamba kumuitana agogo a m'botolo. Akazi pampope ankamufunsa, ena moseka, ena moona mtima, kuti amamwa angati pa tsiku. Ndipo masana ena kunabwera mkazi wina wachichepere, dzina lake Gawri, wa nyumba za kumunsi, atanyamula botolo lomwelo m'manja awiri ngati chinthu cha kukachisi. Anagwada n'kumugwira mapazi.

"Agogo, bambo a kwathu akamakwera chitunda amagwira pachifuwa, mpweya umawathera. Ndagulitsa mbuzi ndagula awa. Amwa botolo limodzi koma sizikusintha. Ndiuzeni mmene inu mumamwera, mwina tikulakwitsa."

Dhapu anawerama n'kumugwira paphewa.

"Dzuka, mwana wanga. Amene ali pabotolopo sindikumudziwa. Amuna ako ali kuti?"

"Ali kunyumba, agona."

"Kawadzutse. Bhomaram! Tulutsa chinjinga chakocho."

Anapita nawo iye mwini kuchipatala cha boma, nakhala nawo pamzere tsiku lonse, pabenchi lolimba, pakati pa anthu otsokomola. Madokotala anamuunika mwamunayo, anamupatsa mankhwala, namuuza kuti asiye fodya ndipo azibwera mwezi ndi mwezi. Ali moyo mpaka lero, amagulitsa tiyi pafupi ndi mpope, ngakhale fodyayo amasutabe mobisa.

Potuluka m'chipatalamo, tsidya la msewu, pakhoma la sitolo ya mankhwala, nkhope ija inali pomwepo, yaikulu, ikumwetulira anthu odwala amene ankatuluka pageti. Ena ankawoloka msewu kulunjika komweko. Gawri anayang'ana chithunzicho, nayang'ana Dhapu.

Dhapu anakokera nsalu yake pansi mpaka pachibwano, monga amachitira mkwatibwi pamaso pa apongozi. Nkhalamba ya msinkhu wake, yamasiye, siifunikanso kubisa nkhope kwa munthu aliyense, ndipo anzake amamuseka nazo. Koma kuyambira tsiku limenelo, akamapita kumsika kapena kukakwera basi, amayenda chophimba, mdzukulu atamugwira dzanja kuti asagwere m'ngalande.